Ligi ya Basiketibolo ya Atsikana ndi Zimene Ikanafuna ku Tsangano

M'masukulu a ukachenjede a ku America, matimu a basiketibolo a atsikana amaikidwa m'magulu otchedwa conference, kutanthauza mgwirizano wa masukulu angapo amene amapikisana okhaokha kuyambira cha mu Disembala mpaka mu Malichi, uku akuyenderana pamabwalo awo. Kumapeto kumakhala mpikisano woti wogonja amatulukiratu, ndipo timu yopambana imapeza malo mumpikisano wa dziko lonse wa NCAA.

Dongosolo limeneli si lachilendo kwa anthu a ku Mozambique, pakuti Clarisse Machanguana, yemwe anabadwira ku Maputo, analidutsamo pamene ankaphunzira pa Old Dominion University mumzinda wa Norfolk. Timu yake, yomwe inali m'gulu la Colonial Athletic Association, inafika mundime yomaliza ya NCAA mu 1997 n'kugonja kwa Tennessee ndi mapointi 68 kwa 59. Kwawo nakonso masewerawa ali ndi mizu, popeza timu ya dziko ya amayi inakhala yachiwiri mu Africa mu 2013, koma matimu otchuka monga Ferroviário de Maputo ndi Costa do Sol ali kumwera, kutali kwambiri ndi mapiri a Tsangano ndi Macanga kumene anthu amadalira kachewere, chimanga ndi fodya.

Chovuta kwa mtsikana wa kumeneko si msinkhu kapena mphamvu, koma bwalo ndi ulendo. Mosiyana ndi ntchemberembaye, imene imatheka ngakhale pafumbi, wosewera basiketibolo amayenda akudunda mpira, choncho pamafunika simenti yosalala ya mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, komanso mkombero wachitsulo wopachikidwa mamita 3.05 kuchokera pansi. Kalendala ya ku America nayonso singagwire, chifukwa miyezi imeneyo ndi ya dzinja, pamene misewu yafumbi imasanduka matope ndipo ana ambiri amakhala akupalira m'minda. Ligi yotere ikanakhalako, masukulu a sekondale a ku Tsangano, Furancungo ndi Ulongue akanayenera kusewera pakati pa Meyi ndi Okutobala, ndipo popeza timu imalowetsa osewera asanu okha m'bwalo, minibasi imodzi ikhoza kunyamula atsikana khumi, mphunzitsi wawo ndi mipira iwiri.