KODI KHANDA LIYAMBE LITI BOTOLO? FUNSO LA AZIMAI A KU CHADIZA

Mvula ikagwa ku Chadiza, munthu wamphamvu satsala pamudzi. M'maiko a Mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, December ndi January ndi miyezi ya khasu, pakuti udzu wa m'cimanga ndi m'nshawa sudikira munthu. Komatu makanda nawonso sasankha mwezi wobadwa. Cotero mai amene waturuka m'cikuta posacedwa amagwidwa njakata: kumunda kukuitana, mwana nayenso akulira. Nthawi yotereyi ndiyo imene mlamu wocokera ku Chipata kapena ku Lusaka amafika ndi mphatso ya botolo la kansonga ka mphira, nati mwana azitsala ndi ambuye ake. Funso limene limatsatira ndi lakuti, kodi khanda loyamwa bere liyenera kuyamba liti botolo?

Yankho la Unduna wa Zaumoyo ndi lofanana ndi la mabungwe a WHO ndi UNICEF. Mwana ayambe kuyamwa ora limodzi lisanathe cibadwire, ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, ndipo atayamba zakudya zina apitirize kuyamwa kufikira zaka 2 kapena kupitirira. Pa ndondomeko yonseyi palibe tsiku limene linaikidwa kuti ndi la botolo. Mwana wathanzi amene amace ali pafupi akhoza kukula mpaka kuyenda osalilawa.

Cifukwa cacikuru cili m'mapangidwe a mkaka. Bere silili ngati mtsuko umene umatha akautunga; mwana akamayamwa kawirikawiri, ndipamenenso thupi la mai limapanga mkaka wocuruka. Khanda limayamwa nthawi 8 mpaka 12 usana ndi usiku, ndipo kuyamwa kwa masabata oyambirira ndiko kumene kumakhazikitsa mkaka wa miyezi yakutsogolo. Tsono khanda likakhuta za m'botolo, limadumpha nthawi yoyamwa, bere limatsala lodzala, ndipo thupi limacepetsa mkaka. Mai poona kuti mkaka wacepa amaonjezera botolo lina, mkaka nucepanso. Pakutha mwezi anthu amati mai uja alibe mkaka, cikhalireco botolo ndilo linauthamangitsa.

Pali cinanso. Pa bere mwana amayasamula kwambiri ndi kugwira nchito ndi lilime kuti mkaka ubwere, pamene m'botolo mkaka umangodontha wokha. Makanda ena akazolowera zofewazi amakana bere, kapena amagwira nsonga yokha mpaka kumcititsa mai zironda. Ndico cifukwa cace ngakhale m'maiko amene muli madzi a m'mipope ndi magetsi, alangizi ambiri amati botolo lidikire kufikira mwana atadziwa bwino kuyamwa, ndiye kuti patapita masabata 4 mpaka 6.

Koma malangizo amenewo anapangidwira nyumba za mipope. Mudzi umene umatunga madzi pacitsime kapena pamtsinje wa Nsadzu uli ndi nkhani yace. Botolo lili ndi khosi lopapatiza, ndipo mkati mwa kansonga kace mumatsalira mkaka umene dzanja silingaufike. M'menemo tizirombo timaswana msanga, makamaka kukatentha. Kuti likhale labwino, liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi kuwiritsidwa nthawi iliyonse mwana asanamwere, ngakhale pakati pa usiku, ngakhale nkhuni zitanyowa ndi mvula. Ndi makomo angati amene angakwanitse zimenezi kasanu ndi katatu pa tsiku? Dzinja ndiyonso nyengo ya kutsegula m'mimba, ndipo kolera imene inabuka m'Zambia mu October 2023 ndi kupitirira mu 2024 inakumbutsa dziko lonse kuopsa kwa madzi osasamalika. Khanda likayamba kutsegula m'mimba limatha madzi m'thupi mofulumira, liwombo nililowa, pamene cipatala ca ku Boma cili kutali.

Ngati m'botolomo mukuikidwa mkaka wa m'citini, pali vuto la ndalama. Mwana wosayamwa amafuna makilogalamu pafupifupi 20 a mkaka waufa m'miyezi 6 yoyamba. Kwa mlimi amene amaona ndalama kamodzi pa caka, akagulitsa cimanga kapena soya, citini cimatha ndalama isanapezeke. Zikatero ufa amaucepetsa, madzi nacurutsa, ndipo mwana amamwa madzi oyera cabe, mimba nidzala, thupi niliwonda.

Mabvuto amenewa si a lero. Mu 1981 msonkhano waukuru wa zaumoyo wa maiko onse unagwirizana pa malamulo oletsa kunyengerera azimai kuti agule mkaka wolowa m'malo mwa bere, mabotolo ndi tinsonga tace. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo lace pa nkhaniyi mu 2006. Kufufuza kwa Boma kwa 2018 kunapeza kuti ana 70 mwa ana 100 alionse osakwana miyezi 6 anali kuyamwa bere lokha. Otsalawo si onse amene anali pa botolo. Ena anali kupatsidwa madzi kapena phala lamadzimadzi, poganiza kuti mwana ali ndi ludzu. Ludzu limenelo bere limalithetsa, pakuti magawo oposa 80 mwa 100 a mkaka wa m'mawere ndi madzi.

Nanga mai amene sangacitire mwina koma kucoka? Ngati munda uli pafupi, njira ya makolo ikali yabwino: mwana apite naye kumbuyo, kapena mlezi amtengere kumunda, akhale naye pamthunzi. Ngati ulendo uli wosatheka ndi mwana, mai asambe m'manja ndi sopo, afinyire mkaka wace m'kapu yotsukidwa ndi madzi owira, naivundikire, naiike pamalo ozizira m'nyumba. Mkaka wotere sufunika kuwiritsa, ndipo m'nyengo yotentha ndi bwino kuti mwana aumwe maora 4 asanathe. Womwetsa amkhazike mwana tsonga pamiyendo, agunditse kapu pamlomo wam'munsi kuti mkaka ungofika pamlomo, mwana azimwa yekha. Asathire mkaka m'kamwa, pakuti angamtsamwitse. Kapu ilibe pobisala dothi, ndipo ngakhale ana obadwa masiku asanakwane amamwetsedwa motero m'zipatala.

Aphunzitsi, anamwino ndi ena a pa nchito ya malipiro ali ndi lamulo lowathandiza. Lamulo la nchito la 2019 limapatsa mai chuti ca masabata 14, ndiponso ora limodzi pa tsiku loyamwitsa kufikira mwana atakwana miyezi 6. Mai wotere akasankha botolo, aikemo mkaka wace womwe, ayambe kumzoloweza mwana sabata imodzi kapena awiri asanabwerere ku nchito, ndipo m'mawa, madzulo ndi usiku bere lipitirire.

Azimai ena amathamangira botolo poopa kupatsira mwana kacirombo ka HIV. Kufufuza kumene kunacitika ku Lusaka, kumene zotsatira zace zinaturuka mu 2008, kunaonetsa kuti kuletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi 4 sikunapulumutse ana ambiri koposa. Malangizo a WHO a 2016 amati mai amene akumwa ma ARV mokhulupirika ayamwitse bere lokha miyezi 6, napitirize kufikira caka cimodzi kapena ziwiri. Coopsa ndico kusakaniza bere ndi zakumwa zina mwana akali wamng'ono.

Ilipo ndithu nthawi imene mkaka wa m'citini umapulumutsa moyo, monga mai akamwalira kapena akadwala kwakaya-kaya. Pamenepo banja lisaweruze lokha, ndipo lisathamangire mkaka wa ng'ombe za m'khola, umene ndi wolemera kwa khanda. Lipite kwa anamwino, amene adzaonetsa muyeso wa ufa ndi madzi owiritsa, nadzakumbutsa kuti mkaka wotsala utayidwe pakapita maora 2.

Kwa mai amene akungokaika ngati mwana akukhuta, mboni zilipo ziwiri: matewera amene akunyowa nthawi 6 kapena kuposa pa tsiku, ndi mzere wokwera pa khadi la kusikelo. Ziwirizi zikakhalapo, mphatso ya alamu ija ikhoza kudikira m'sutikesi.