Dripi Si Chakudya Chokwanira

M'bale wathu akachitidwa opaleshoni ya khansa ya kummero kapena ya m'matumbo, ambiri a ife a ku Mwanza timakamudwazika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Tikaona dripi ikudontha, mtima umakhala pansi poganiza kuti wodwalayo akudya. Komatu lita imodzi ya dripi wamba ya shuga imakhala ndi magalamu 50 okha a shuga, mphamvu zosapitirira makalori 200, pamene munthu wamkulu amafunika pafupifupi 2,000 patsiku. Mulibenso mapuloteni othandiza kuti chilonda chipole.

Chakudya chenicheni chodzera m'mitsempha, chimene madokotala amachitcha parenteral nutrition, chimakhala ndi shuga, mafuta, zomanga thupi, mavitamini ndi michere. Kawirikawiri chimalowera mumtsempha waukulu wapakhosi kapena wapachifuwa, chimafuna kuyeza magazi pafupipafupi, ndipo tizilombo tikhoza kulowera pomwepo. N'chifukwa chake amachipereka pokhapokha matumbo akalephera kugwira ntchito kwa masiku angapo. Matumbo akatha kulandira chakudya, amasankha chodzera pakamwa kapena m'chubu.

Choncho tiziwafunsa adokotala kuti wodwala ayambe liti kumwa ndi kudya, ndipo tisamupatse kanthu mobisa asanatilole. Tikabwerera kwathu, tizimupatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi: phala lotendera, mazira, mkaka, chipere, ndi madzi a manachesi athu. Ngati akusanza, akuwonda kapena chilonda chikutuluka mafinya, tisadikire tsiku limene anatilembera. Tithamangire naye ku chipatala cha boma cha Mwanza.