Tikiti Dzina Lina, Ndege Dzina Lina

Bambo wina wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta adatilembera kalata ku wailesi. Akuti mwana wawo ali ku Joni adawagulira tikiti ya kampani ina, koma pabwalo adakwera ndege ya dzina lina. Akufunsa ngati adawapusitsa. Iyayi bambo, simudaberedwe.

Ganizirani chapa yonyamula anthu ku Insaca kukawatula ku siteshoni ya Cuamba. Sitima siingalowe m'mudzi uliwonse. Ndege yaikulu nayonso ikatera malo a anthu ochepa imauluka mipando ili pululu, mafuta n'kupita pachabe. N'chifukwa chake kampani yaikulu imagwirizana ndi yaing'ono. Yaikulu imagulitsa matikiti m'dzina lake, yaing'ono n'kumatola anthu kuwafikitsa pabwalo lalikulu. Mgwirizano ukakhala wabwino, tikiti imakhala imodzi ndipo katundu mumakamupeza kumapeto kwa ulendo.

Kuno kwathu LAM idabereka Moçambique Expresso, kapena MEX, mu 1995. Kampaniyi idadzakhala ndi ndege za Embraer 145 za mipando 50, zoyenera maulendo a m'zigawo.

Koma ife a m'malire tikudziwa kuti bwalo la Chileka ku Blantyre lili pafupi kuposa la Lichinga, ukadzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Kumeneko Air Malawi itagwa mu 2013, boma la Malawi lidapalana ubwenzi ndi Ethiopian Airlines. Boma lidatenga magawo 51 pa 100, Ethiopian n'kutenga 49, ndipo ndege za kampani yatsopanoyo zidayamba kuuluka mu 2014. Ethiopian idayesanso kuno mu 2018 ndi Ethiopian Mozambique Airlines, koma idatseka mu 2021, matenda a Covid-19 atachepetsa apaulendo.

Chondidetsa nkhawa ine n'chakuti wamng'ono amatsamira wamkulu, ndipo wamkulu akadzandira onse amagwa. Airlink ya ku South Africa idauluka zaka zoposa 20 pansi pa South African Airways. Matikiti ankagulitsidwa ndi yaikuluyo, ndalama n'kumayamba zalowa m'thumba lake. Mu December 2019 yaikuluyo idatitimira m'ngongole, ndalama za Airlink zili momwemo. Mu 2020 Airlink idadula chingwe n'kuyamba kugulitsa matikiti m'dzina lakelake. Idapulumuka, moti mu 2024 Qatar Airways idagulamo magawo 25 pa 100. Si onse ang'onoang'ono amene amachita mwayi wotere.

Tsono inu bambo a ku Chiuta, mwana akadzatumizanso tikiti, wina akuwerengereni timawu ting'onoting'ono tili pansi pa nambala ya ulendo. Pachipwitikizi amalemba kuti "operado por", kenaka dzina. Dzina limenelo ndilo la eni ndege imene mudzakwere. Mufunsenso ngati chikwama chidzapita chokha mpaka ku Johannesburg kapena mudzachitenga pakati panjira.