Ukaitana kompyuta, kodi imati wawa?

Mwana wodziwa mwambo, mayi ake akamuitana ali kuseri kwa nyumba, amayankha kaye kuti "wawa" asananyamuke n'komwe. Mwina akutsuka mbale, manja ali thovu lokhalokha, ndipo patenga kanthawi kuti afike. Koma poti wayankha, mtima wa mayi uja umakhala pansi. Mnzake amene amangoti zii, ngakhale abwere chothamanga, amapeza mayi ataitana katatu, nkhope itasintha kale. Nkhani ya makompyuta imene ndikufuna tikambirane sabata ino yagona pomwepa.

Ogulitsa makompyuta amakonda kutchula manambala: processor yamphamvu zakutizakuti, RAM ya magigabaiti akutiakuti. Koma munthu wamba akamadandaula kuti kompyuta iyi ndi yochedwa, amakhala akunena za kanthawi kakang'ono kamene kamadutsa kuchokera pamene chala chadina batani kufika pamene diso laona kuti china chake chasintha pa sikirini. Ntchito yoyankha imeneyi ili m'manja mwa pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene odziwa amaitcha operating system. Windows ndi imodzi mwa izo, Linux ndi ina, ndipo pa mafoni ambiri amene tili nawo m'matumba muli Android. Iyoyi ndiyo imamva kuti mwadina, n'kusankha pulogalamu imene igwire ntchito pa nthawiyo, kenako n'kujambula zotsatira zake pa sikirini.

Kanthawi kameneka anthu anakayeza kalekale. Mu 1968, Robert Miller analemba za nthawi imene munthu angadikire kompyuta osasokonezeka maganizo, ndipo mu 1993 Jakob Nielsen, katswiri wa ku Denmark, anazifotokozanso m'njira imene opanga mapulogalamu amatsatira mpaka lero. Malire ake ndi atatu. Kompyuta ikayankha pasanathe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, munthu amamva ngati iyeyo ndi amene wasuntha chinthucho ndi dzanja lake. Ikatenga sekondi imodzi, amazindikira kuti pali kuchedwa, komabe ganizo limene anali nalo silithawa. Ikafika masekondi 10, maganizo apita kwina, munthu wayamba kuyang'ana pawindo kapena kucheza ndi mnzake. Akatswiri awiri a kampani ya IBM, Walter Doherty ndi Ahrvind Thadani, anaonetsanso mu 1982 kuti kompyuta ikamayankha pasanathe mamilisekondi 400, kutanthauza kuchepera theka la sekondi, ogwira ntchito amachita zambiri kuposa mmene kanthawi kopulumutsidwako kangatipangitsire kuganiza, chifukwa sadukizadukiza poganiza.

Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kumudzi, ndipo manambala amenewa ndimawaona ndi maso. Phunziro limodzi ndi mphindi 40. Makompyuta athu ndi ochepa, anachita kutipatsa anthu akufuna kwabwino atawagwiritsa kale ntchito, kotero ophunzira atatu kapena anayi amaunjikana pa imodzi. Mwana amene sanagwirepo mausi chibadwire akadina kawiri pa chizindikiro cha Word ndipo palibe chikuchitika, amaganiza kuti walakwitsa. Amadinanso. Mnzake amamulanda mausi n'kudinanso mwamphamvu, ngati kuti mphamvu ndiyo ikuchepa. Kompyuta ija inamva ulendo woyamba womwe, kungoti sinanene, ndiye tsopano ikulimbana ndi kutsegula Word kanayi. Pakapita kanthawi mawindo anayi amatulukira pamodzi, ana n'kudzidzimuka.

Nthawi yotayikayo imandiwawa, koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi maganizo amene mwana amachoka nawo m'chipindamo. Amakhulupirira kuti iyeyo ndiye mbuli, kuti makompyuta ndi zinthu za ana a m'tauni. Ndaonapo atsikana anzeru, okhoza masamu, akubweza manja m'mbuyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndaononga." Sanaononge kanthu. Makinawo ndi amene sanayankhe. Ndipo mwana wotereyu akadzakhala pa mayeso a Computer Studies a MSCE, wotchi ikuyenda, mantha omwewa amamutsatira.

Ambiri timaganiza kuti kompyuta yatsopano nthawi zonse imayankha msanga kuposa yakale. Mu 2017, katswiri wina wa makompyuta, Dan Luu, anatenga kamera yojambula zithunzi zambirimbiri pa sekondi n'kuyeza nthawi yochokera pa kudina batani la kiyibodi kufika pamene chilembo chaoneka. Apple IIe, kompyuta ya mu 1983, inkatenga mamilisekondi pafupifupi 30. Makompyuta angapo amakono, amphamvu kwambiri kuposa iyo, ankapitirira mamilisekondi 100. Chifukwa chake n'chakuti pa makina akale chilembo chinkayenda njira yachidule, pamene lero chimadutsa m'maofesi ambiri, titero kunena kwake, chisanafike pa sikirini, ndipo paliponse chimaima pamzere pang'ono.

Za mzerezi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Mu kompyuta mumakhala mapulogalamu ambiri amene akufuna processor nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo sitiwaona: wina akufufuza mavairasi, wina akuyang'ana ngati pali zatsopano pa intaneti, wina akuwerenga mafailo. Operating system imakhala ngati munthu woyang'anira pa mjigo, amene amasankha woyamba kutunga. Akamangotsatira mzere mosaganizira, mwana amene wabwera ndi kapu kuti amwe adikira mayi wa ndowa zisanu. Woyang'anira wanzeru amalowetsa wa kapu uja kaye, poti satenga nthawi, ndipo wa ndowa sazindikira n'komwe kuti wachedwetsedwa. Kudina kwanu ndi kapu imeneyo.

Nkhani imeneyi inautsapo mkangano waukulu pakati pa opanga Linux. Con Kolivas, dokotala wa ku Australia wogoneka odwala pa opaleshoni, ankalemba mapulogalamu pa nthawi yake yopuma. Iye anaona kuti Linux inkakonzedwa kwambiri poganizira makompyuta akuluakulu a makampani, pamene munthu wa kunyumba ankamva nyimbo ikudukaduka ndi mausi ikukakamira makina akatanganidwa. Analemba njira zake zogawira nthawi ya processor, ndipo anthu ambiri anazikonda. Vuto linali lakuti kuchuluka kwa ntchito imene makina amaliza kumayezeka mosavuta ndi manambala, koma mmene munthu akumvera m'dzanja mwake n'kovuta kuonetsa pa pepala. Mu 2007 Linux inalandira njira yatsopano yolembedwa ndi Ingo Molnár, amene anavomereza kuti maganizo ena anawatenga kwa Kolivas, koma ya Kolivas mwini inasiyidwa, ndipo iye anasiya ntchitoyo kwa kanthawi ali wokhumudwa. Ine ndili kumbali ya dokotalayo. Amene amakhala kutsogolo kwa sikirini ndiye mwini nkhani.

Koma pa makompyuta a m'sukulu zathu, chimene chimachedwetsa kwambiri ndi china, ndipo n'chosavuta kuchimvetsa. RAM ili ngati lichero, pamene hard disk ili ngati nkhokwe. Chimene mukugwiritsa ntchito panopa chimakhala pa lichero. Lichero likadzaza, kompyuta imayamba kubweza zina kunkhokwe n'kumakazitenganso zikafunika, ulendo ndi ulendo. Tsono hard disk yachikale ndi kambale kachitsulo kozungulira, kawirikawiri ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kasingano kowerenga kamayenera kusuntha kukafika pamene pali chimene chikufunidwa. Ulendo uliwonse umadya mamilisekondi pafupifupi 10. Zikuoneka zochepa, koma kutsegula pulogalamu imodzi kungafune maulendo mazanamazana. Mukaona kanyali kakang'ono kutsogolo kwa kompyuta kakungoyaka osaphethira, dziwani kuti makina ali pa ulendo wa kunkhokwe. SSD, imene ilibe chozungulira chilichonse, imachita zomwezo m'kagawo kakang'ono ka milisekondi imodzi.

Opanga mapulogalamu amadziwa kuti sangathetse kuchedwa konse, ndiye anaphunzira kutipatsa "wawa" uja. Batani limasintha mtundu mukalidina, kabwalo kamazungulira, kamzere kamadzaza pang'onopang'ono. Zimenezi n'zothandiza zikamanena zoona. Koma tonse tinakaonapo kamzere kamene kamathamanga kufika pa 99 peresenti n'kuima pomwepo mphindi zisanu. Pa Windows, pulogalamu ikakhala masekondi asanu osamva kudina kwanu, pamwamba pa windo pamalembedwa mawu akuti Not Responding. Ophunzira anga amawadziwa mawu awiriwa kuposa Chingerezi china chilichonse cha m'silabasi. Pa mafoni nawonso, Google inachita kukhazikitsa ntchito yapadera mu 2012, yotchedwa Project Butter, kuti Android izijambula sikirini ka 60 pa sekondi ndipo chithunzi chizitsatira chala mosakakamira.

Ndalemba izi panopa chifukwa sukulu zambiri zili pa mphambano. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu January 2020. Windows 11 imafuna RAM yosachepera magigabaiti 4 ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Amisiri ena amadziwa njira yoikakamizira kuti ilowe ndithu, ndipo mphunzitsi wamkulu amasangalala kuona sikirini yokongola yatsopano. Kukongolako ana sapindula nako ngati kudina kulikonse kukutenga masekondi asanu. Ena amangotsekera makinawo m'chipinda n'kumati atha ntchito, fumbi n'kumachita zake.

Pali zimene komiti ya sukulu ingachite isanafike pamenepo. Chosafuna ndalama ndi kutsegula Task Manager, podina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, n'kuona mapulogalamu amene amadzuka okha kompyuta ikangoyatsidwa. Nthawi zambiri mumapezeka zinthu zimene mwini wake woyamba anaikamo zaka zapitazo, zopanda ntchito pa sukulu, ndipo ena amaika mapulogalamu awiri olimbana ndi mavairasi amene amangopondana. Ngati pali kandalama, ndingalangize kugula SSD yaing'ono musanaganize china chilichonse, kenako kuonjezera RAM. Kompyuta ya zaka khumi yoikidwa SSD imadzuka ngati yatsopano, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa makina atsopano.

Njira ina ndi kuika Linux yopepuka, monga Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce, zimene ndi zaulere ndipo sizidzaza lichero msanga. Apa ndisabise mavuto ake. Mabuku amene timaphunzitsira amaonetsa zithunzi za Word ndi Excel, pamene pa Linux mwana apeza LibreOffice, imene imagwira ntchito zofanana koma mabatani ake ali pena. Mphunzitsi ayenera kuyamba waiphunzira yekha, ndipo kumudzi kuno wokuthandiza ikavuta sapezeka pafupi. Kwa a fomu 1 ndi 2, amene akuphunzira kugwira mausi ndi kutayipa, ine ndingasankhe makina oyankha msanga ngakhale mabatani asiyane. A fomu 4 asiyireni makompyuta abwinoko okhala ndi mapulogalamu amene adzakumane nawo pa mayeso.

Kwa inu amene mukufuna kugulira mwana kapena ofesi laputopu yakale pamsika, musakhutire ndi kapepala komatidwa pamwamba, ndipo musalole kuti wogulitsa akuonetseni itayaka kale. Muuzeni aizimitse kotheratu, kenako aiyatse inu mukuyang'ana wotchi. Ikayaka, tsegulani Word ndi pulogalamu ya intaneti pamodzi, tayipani dzina lanu mofulumira, muone ngati zilembo zikutuluka limodzi ndi zala kapena zikubwera pambuyo. Gwirani windo limodzi ndi mausi n'kulikoka uku ndi uku. Likamadumphadumpha, funsani ngati muli SSD ndiponso ngati pali malo oonjezera RAM, ndipo mtengo wa zimenezo muuchotse pa ndalama imene akukuuzaniyo.