Amithenga a M'magazi: Chimene Chimatenthetsa Thupi pa Malungo

Mvula ikakhazikika kwa Nazombe, m'boma la Phalombe, madzi amadikha m'madambo ndipo udzudzu umaswana. Posakhalitsa amayi amayamba kuchezera usiku ndi ana otentha thupi. Ambiri amayesa kuti tizirombo ta malungo ndito timawotcha mwana, chonsecho moto umenewo amausonkha ndi thupi la mwanayo.

Tiziromboti timaswana m'maselo ofiira a magazi, ndipo tikachuluka timawaphulitsa. Pamenepo maselo oteteza thupi amakuwa mfuu potulutsa timapuloteni totchedwa cytokine. Amenewa ndiwo amithenga a m'magazi, ndipo odziwika kwambiri ndi TNF ndi interleukin-1. Uthenga wao sumveka paliponse ayi. Selo imaumva pokhapokha ikakhala ndi khutu loyenera kunja kwake, limene akatswiri amalitcha receptor. Uthengawo ukafika ku ubongo, thupi limanjenjemera, kenaka limatentha. Ukafika m'mitsempha ya magazi, makoma ake amayamba kumata, kotero kuti maselo ogwidwa ndi tizirombo amakanirira pomwepo.

Kutenthako kumathandiza kufooketsa tizirombo. Komabe moto wotenthera tchire ukakula umafika ndi kunkhokwe. M'chaka cha 1989, Georges Grau, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzao anafalitsa zimene anapeza mwa ana 65 odwala malungo aakulu ku Blantyre: ana amene anamwalira anali ndi TNF wochuluka kuposa amene anachira.

Kaamba ka zotere, madokotala anaganiza zotseka pakamwa mthengayo. M'zaka za m'ma 1990, ku Gambia, ana odwala malungo a mu ubongo anapatsidwa mankhwala omanga TNF kuti asafike ku makutu a maselo. Mankhwalawo ankatha kutsitsa kutentha, koma imfa sizinachepe.

Phunziro lake likukhudza khomo lililonse kwa Nazombe. Panado amaziziritsa thupi, koma sapha kachirombo ngakhale kamodzi. Mwana angathe kuyamba kusewera pamene tizirombo tikuswanabe. Motero mwana wotentha thupi ayenera kukayezedwa magazi kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akampeza ndi malungo amalize mankhwala onse a LA. Akamakomoka, akamasanza chilichonse kapena kukana bere, makolo asadikire kuti kuche.