Matenda awiri pa mbale imodzi

Mtsikana wa zaka 15 wakhala patebulo. Nyama waidula tizidutswa 12, watindanditsa m'mphepete mwa mbale, ndipo kalikonse akukatafuna mowerengera. Asanakhale pansi wasamba m'manja kanayi. Amayi ake akungoyang'ana, osadziwa kuti wagwira mpeniwo ndi matenda ati: anorexia, omwe munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa, kapena OCD, omwe maganizo oopsa amamukakamira mpaka achite chinthu mobwerezabwereza kuti mtima ukhale pansi. Mwina ndi onse awiri. Kafukufuku wamkulu wa majini wa mu 2019 anaonetsa kuti matendawa ali pachibale.

Chibalecho chimathera pa khomo la dokotala. Wa OCD kawirikawiri amatopa nawo matenda ake, amaona yekha kuti kusambako n'kopanda pake, ndipo amafuna womumasula. Wa anorexia amawaikira kumbuyo. Kuwonda amakuona ngati chipambano, womupatsa chakudya ngati mdani.

Chithandizo cha OCD chili ndi njira yodziwika. Mu 1966 Victor Meyer wa ku London analemba za njira imene lero imatchedwa ERP: wodwala amakhudza chomwe amaopa, monga chogwirira chitseko, kenako osasamba. Mantha amakwera, thukuta kamukamu, koma pakapita nthawi amatsika okha. Palinso mankhwala monga fluoxetine ndi sertraline, pa mlingo waukulupo, ndipo pamatenga masabata 8 mpaka 12 kuti aoneke ngati akugwira.

Mankhwala omwewo kwa munthu wowonderatu sathandiza kwenikweni. Kwa iye mankhwala oyamba ndi chakudya. Kwa achinyamata, njira yochokera ku chipatala cha Maudsley, ku London komweko, imabweza udindo wa mbale m'manja mwa makolo: amapakula okha, n'kukhala pomwepo mpaka mwana amalize. Koma si zongomukhutitsa tsiku limodzi ayi. Thupi lozolowera njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa phosphate umatsika m'magazi ndipo mtima ungathe kuima. N'chifukwa chake madokotala amayeza magazi pafupipafupi masiku oyambirira.

Nanga pa matenda awiriwa, madokotala ayambe ndi ati? Ine ndimatsamira ku thupi, ndipo chondikopa ndi zimene zinachitika ku Minnesota mu 1944 ndi 1945. Ancel Keys anatenga amuna 36 athanzi, odzipereka okha, n'kuwadulira chakudya ndi theka kwa miyezi 6. Anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Zodabwitsa zinali m'mutu. Amuna akuluakulu anayamba kutolera mabuku ophikira, kuseweretsa chakudya m'mbale, kunyambita mbale, kudya kachakudya kochepa nthawi yaitali. Sanali odwala, inali njala basi. Ndiye pa mtsikana uja, ina mwa miyambo yake ndi ya njala chabe, ndipo thupi likabwerera imafooka. Yotsalira, monga kusamba kuja, ndiyo imaonetsa OCD weniweni, ndipo apo mankhwala ndi ERP zimapeza pogwira.

Komabe kudikira kuli ndi vuto lake. Ngati mwana akukana kudya poopa kuti mbale ili ndi tizilombo, OCD ndiye waima pakati pa iye ndi chakudya, ndipo sungamusiyire mawa. Zikatero ERP imachitikira patebulo pomwepo: lero adye osadula, mawa ndi supuni yomwe wagwira wina. Kungoti pa OCD yekha wodwala amagwirizana ndi womuthandiza za liwiro, kuyambira pa zosaopsa kwambiri. Pa anorexia mtima ukamagunda mofooka nthawi yokambirana imachepa.

Posiyanitsa, wothandiza amafunsa mwanayo modekha chomwe chingachitike atapanda kudula tizidutswa 12. Wina amati anenepa. Wina amaweramitsa mutu n'kunena chapansipansi kuti amayi achita ngozi pamsewu.