Kodi mumadziwa? Mfuti, amisiri ake ndi kachitsulo kamene sikafuna tupa

Kodi mumadziwa kuti mfuti yotchera ili ngati diwa la mbewa? Aliyense amene anakulira kumudzi kuno ku Mandimba kapena ku Ngauma akudziwa mmene mwala waukulu umaimira pa kamtengo kamodzi, ndipo kamtengoko kakangogwedezeka pang'ono mwala uja wagwa. M'kati mwa mfuti namonso muli sipuling'i yofinyidwa mwamphamvu, yogwiridwa ndi kadzino kachitsulo kochepa kuposa chikhadabo. Chala chikakoka kachitsulo kowombera, kamene m'Chipwitikizi amati gatilho ndipo m'Chingerezi amati trigger, kadzino kaja kamataya, sipuling'i n'kufwamphuka, chipolopolo n'kutuluka. Kadzinoka kakatha, kakachita dzimbiri, kapena wina akakapala ndi tupa kuti kazifewa, mfuti imatha kulira yokha ikangogunda pansi kapena ikagwedezeka pa njinga yamoto.

Kodi mumadziwa kuti kulimba kwa kachitsuloka amakuyeza ngati katundu wa pa sikelo? Mfuti ya m'manja ya mtundu wa Glock imachoka kufakitale ikufuna mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 2.5 kuti iwombe, kulemera kwa mapaketi awiri ndi theka a shuga. Apolisi a ku New York anakhala zaka zambiri akugwiritsa ntchito zolimba kuposa pamenepo, zopitirira makilogalamu 5, mwadala, kuti wapolisi wodzidzimuka asawombe asanaganize. Tsono munthu akati mfuti yake ndi yolimba, iye akufuna yofewa, adziwe kuti akuchotsa mlonda amene opanga anamuikapo.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale mafakitale otchuka anagwapo m'mavuto ndi kachitsulo komweka? Mu 2014 kampani ya ku America ya Remington inavomera kusintha kachitsulo kowombera pa mfuti pafupifupi 7.5 miliyoni, zambiri mwa izo za mtundu wa Model 700, anthu atadandaula kukhoti kuti zinkawomba popanda wozikoka. Kampaniyo sinavomere kuti inalakwa, koma inalola kusinthako. Mu 2015 kampani ya Taurus ya ku Brazil inagwirizana ndi odandaula pa nkhani ya mfuti za m'manja pafupifupi 1 miliyoni. Mu 2017, chaka chomwe asilikali a America anasankha mfuti ya SIG Sauer P320, kampani yake inaitanitsa eni mfutizo kuti izikonze mwaulere zitadziwika kuti zina zinkawomba zikagwa mopendekeka. Awatu ndi anthu a makina oyeza chitsulo mpaka kuchepa kwa tsitsi. Nanga bambo wowotcherera mafelemu a njinga kuseri kwa msika wa Cuamba angathe bwanji? Luso lake ndi lenileni ndipo ndimalilemekeza, koma ntchito iyi si yake.

Kodi mumadziwa kuti dera lathuli linali ndi amisiri a zitsulo otchuka Azungu asanafike? Wansembe wa Anglican Yohanna Abdallah, amene anatumikira ku Unangu m'chigawo chomwe chino cha Niassa, analemba m'buku lake la mbiri ya Ayao la 1919 kuti Achisi, fuko la osula, ndiwo anayamba kuyenda maulendo a malonda atanyamula makasu, mipeni ndi zitsulo zina mpaka kukafika kunyanja yamchere. Njira zimene anatsegula ndi makasu ndi zomwe pambuyo pake zinabweretsa nsalu, mikanda, wonga ndi mfuti, posinthana ndi minyanga ya njovu komanso, zachisoni, anthu anzathu ogwidwa ukapolo.

Mfuti za nthawi imeneyo ndi zija timati gogodela. Mlenje ankathira wonga chakukamwa kwa mpope, kusinja ndi ndodo, kenaka n'kuikamo chipolopolo, ndipo akawomba kamodzi ankayambiranso zonsezo njovu ikumuyang'ana. Ikathyoka inkapita ku chipala. Kumeneko mnyamata ankapopa mvukuto wa chikopa cha mbuzi, makala n'kufiira, wosula n'kutulutsa chitsulo ndi mbaniro, kuchiika pa mwala, nyundo n'kumalira mpaka mbali yothyoka ija yabwerera m'malo. Gogodela inali ndi zitsulo zochepa ndiponso zazikulu, zooneka ndi maso, n'chifukwa chake wosula wa makasu ankaikwanitsa. Komabe alenje ambiri anataya zala ndi maso mipope yotha ikaphulikira m'manja.

Kodi mumadziwa kuti m'maiko ambiri a ku Ulaya mpope wa mfuti sugulitsidwa usanayesedwe? Ku Liège m'dziko la Belgium nyumba yoyesera mfuti inayamba mu 1672, ndipo ya ku Birmingham ku England inatsegulidwa mu 1813. Amathira mphamvu yoposa ya masiku onse, mpope ukapirira amaudinda chizindikiro. Mizinda iwiriyi ndi imene inapanga mfuti zambiri zogulitsa mu Africa. Mfuti yosulidwa kuseri kwa nyumba ndi paipi ya madzi ilibe chidindo chotero, woyesa wake woyamba ndi mwini wake.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone anafika kwa Mfumu Mataka ku Mwembe mu 1866, n'kupeza mudzi wa nyumba pafupifupi 1,000? Mphamvu ya mafumu a Chiyao inali pa malonda ndi pa mfuti. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'mbali yaikulu ya Africa, koma a Mataka anakanabe ulamuliro wa Apwitikizi mpaka 1912.

Kodi mumadziwa kuti Mfumu Jalasi inalandapo mzinga wa Angerezi? Phiri lake la Mangochi lili chakufupi ndi Namwera, mtunda wochepa kuchokera pa chipata cha Chiponde ndi Mandimba. Mu 1892 ankhondo a boma la atsamunda anakwera kukamuthira nkhondo, koma anabwerera chothawa n'kusiya mzinga wawo m'manja mwake. Anadzamugonjetsa mu 1895, ndipo makoma a linga limene Angereziwo anamanga pamenepo akadalipo. Chakumpoto m'mbali mwa nyanja, anthu a Makanjira anapha Captain Cecil Maguire mu Disembala 1891, ndiye chiyambi cha dzina la linga la Fort Maguire.

Kodi mumadziwa kuti mbendera ya Mozambique ili ndi mfuti ya AK-47 yopingasana ndi khasu pamwamba pa buku? Mbenderayi inayamba kugwira ntchito pa 1 Meyi 1983. Nambala 47 ikuimira chaka cha 1947, ndipo wopanga mfutiyo, Mikhail Kalashnikov, anamwalira mu 2013.

Kodi mumadziwa kuti mfuti zambiri zosalembetsa za m'malire muno ndi zotsala za nkhondo? Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, itathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Chaka chotsatira, mu Disembala 1993, asilikali a Malawi analanda zida za a Payoniya pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani, ndipo ena mwa anyamatawo anathawira ku Mozambique. Mfuti zinakwiriridwa m'minda, m'mapanga ndi pansi pa nkhokwe. Taganizani za chitsulo chimene chagona m'dothi dzinja ndi dzinja kwa zaka zoposa 30. Sipuling'i yafooka, kadzino kaja kadyeka, mafuta auma n'kusanduka phula losakanikirana ndi mchenga, mpope wachita zibowo za dzimbiri m'kati momwe diso silifika. Mfuti yotere imakana kuwomba lero, mawa n'kuwomba yokha ili pakhoma, ndipo m'nyumbamo muli ana.

Zipolopolo nazo zimakalamba. Kodi mumadziwa kuti pa 22 Malichi 2007 nkhokwe ya zida zakale za asilikali ku Malhazine mumzinda wa Maputo inaphulika n'kupha anthu oposa 100, ambiri ali m'nyumba zawo?

Kodi mumadziwa kuti mfuti inagulapo njinga ndi malata popanda mlandu? Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican, pamodzi ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, anayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankabwera ndi mfuti, osafunsidwa kumene anaitenga, n'kubwerera ndi khasu, njinga, makina osokera kapena malata a denga. Zida ndi zipolopolo zoposa 600,000 zinatuluka m'manja mwa anthu. Mfutizo ankazidula zidutswazidutswa, ndipo amisiri a ku Maputo anaziwotcherera kukhala zosema. Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, anapanga mpando wa mfuti zokhazokha mu 2001, umene British Museum ya ku London inagula mu 2002. Ine ndimati ameneyu ndiye mmisiri wa mfuti wamkulu amene dziko lino linabala, chifukwa ntchito ya manja ake sinasiye mayi aliyense akulira. Chaka chomwecho cha 1995 apolisi a Mozambique ndi a South Africa anayamba Operation Rachel, yofukula ndi kuwononga zida zobisidwa m'tchire.

Kodi mumadziwa kuti chiphaso cha mfuti sichiwoloka malire? Ku Mozambique nkhaniyi ili pansi pa Decreto 8/2007 ndipo amaiyendetsa ndi apolisi a PRM. Ku Malawi kuli lamulo la mfuti la 1967. Ukhoza kuwoloka pa Mandimba ndi thumba la nandolo kapena nyemba tsiku lililonse, koma kunyamula mfuti kuti ukaikonzetse tsidya linalo popanda chilolezo cha maboma onse awiri ndi mlandu, ngakhale mfutiyo ili yako ndiponso yolembetsa.

Nanga mmisiri weniweni mungamudziwe bwanji? Asanagwire mfuti amayamba wapempha kuona chiphaso chanu, naye n'kukuonetsani chake. Amalemba nambala ya mfutiyo m'kaundula. Amafunsa ngati wina anaitsegulapo kale, ndipo akapeza zitsulo zosachokera kufakitale amazichotsa n'kubwezeretsa zenizeni. Ali ndi choyezera kulimba kwa gatilho, sayeza ndi chala. Mukamupempha kuti achotse chotetezera kapena afafanize nambala amakubwezani pakhomo pomwepo. Amisiri otere ndi ochepa, ambiri amagwira ntchito kupolisi, kwa asilikali kapena kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka m'mizinda ikuluikulu, ndiye njira yowapezera imayambira ku ofesi ya apolisi ya m'boma lanu. Safunsa anadya phula.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale pamalo pamene pali wolembedwa ntchito yosamala mfuti ngozi imachitika? Pa 21 Okutobala 2021 wojambula kanema Halyna Hutchins anafa ku New Mexico pamene ankajambula filimu ya Rust, mfuti imene onse ankati ilibe chipolopolo chenicheni itawomba. Woyang'anira zida pa filimuyo analamulidwa kukhala kundende miyezi 18 mu 2024.

Inu alonda a m'masitolo a Cuamba, inu alenje a ziphaso a ku Massangulo, mfuti ikayamba kukana, kufewa mosadziwika bwino kapena kulira kawiri mutakoka kamodzi, ilozetseni kumene kulibe munthu, chotsani zipolopolo, itsekereni kutali ndi ana, mukauze abwana anu kapena apolisi tsiku lomwelo. Ndipo inu amene khasu lanu lagunda chitsulo m'munda, musachifukule, musachipukute, musapite nacho kwa wowotcherera. Ikani chizindikiro pamalopo, mukadziwitse amfumu ndi apolisi.